Kukhala Mlendo pa Chilumba cha Taiwan



Inu mafumu, aphunzitsi, makolo ndi achinyamata a kuno ku Mitundu, ku Bunda ndi ku Nathenje, mwandipempha kuti ndikambe za moyo wa kunja. Pempholi ndalimvetsa, chifukwa masiku ano mwana akangolemba mayeso a Fomu 4, kapena akangolandira digiri yake ku Bunda, mtima wake umakhala uli pa pasipoti. Ena ali kale ku Joni, ena anakwera ndege mu 2023 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ena amagona mochedwa akusakasaka pa foni maphunziro aulere a ku Asia. Kunja n'kwakukulu, munthu mmodzi sangakukambe konse. Ine ndikamba za kumene ndinakhalako pa maphunziro a zaulimi, chilumba cha Taiwan. Chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba ndi ichi: alendo awiri akhoza kutsika ndege imodzi, kugona mumzinda umodzi, koma wina n'kumakhala mwaufulu, wina ali pa ukapolo. Amasiyana chifukwa cha mapepala amene analowera, ndiponso chifukwa cha chilankhulo, ngati anachiphunzira kapena ayi.

Kwa achikulire muno, dzina la Taiwan si lachilendo. Kuyambira mu 1966 mpaka kumapeto kwa 2007 dziko lathu linali pa ubale ndi boma la kumeneko. Anthu amene makolo athu ankawatcha Matchaina, aja ankalowa m'matope pamodzi ndi alimi a mpunga ku Domasi ndi ku Likangala, ankachokera pa chilumba chimenechi. Chipatala chachikulu cha Mzuzu, chomwe chinatsegulidwa mu 2000, chinamangidwa ndi ndalama zawo. Pa 14 January 2008 mayi Joyce Banda, omwe anali nduna yoona za ubale ndi mayiko ena m'boma la Bingu wa Mutharika, analengeza kuti Malawi wasankha kukhala pa ubale ndi boma la ku Beijing. A ku Taiwan analongedza katundu wawo, ndipo Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi msewu wa Karonga kukafika ku Chitipa zinadzamalizidwa ndi dziko la China. Lero mu Africa monse ndi Eswatini yekha amene akali pa ubale ndi Taiwan. Mbiri imeneyi ikukhudza mwana wanu mwachindunji: ku Lilongwe kulibe kazembe wa Taiwan, ku Taipei kulibe kazembe wa Malawi. Akakapeza vuto kumeneko, kulibe khomo la boma lathu loti akagogode pafupi.

Chilumbachi n'chaching'ono, masikweya kilomita 36,000, chosafika gawo limodzi mwa magawo atatu a Malawi, koma pamakhala anthu oposa 23 miliyoni. Mbali yaikulu ndi mapiri, ndipo lalitali kwambiri, Yushan, ndi la mamita 3,952, kuposa Sapitwa wathu wa ku Mulanje yemwe ndi wa mamita 3,002. Anthu anadzazana m'chigwa cha kumadzulo, kuchokera ku Taipei kumpoto mpaka ku Kaohsiung ndi Pingtung kummwera. Ine ndinali kummwerako, kumene kutentha kwake kumabwera ndi chinyezi. Kuno mu October dzuwa likawamba munthu amathawira pamthunzi n'kupumako. Kumeneko mthunzi suthandiza, malaya amanyowa uli chikhalire.

Chinthu choyamba chimene chimamugwetsa ulesi mlendo ndi kusatha kuwerenga. Munthu wophunzira, wodziwa Chingerezi, amaima pamsewu n'kuona zikwangwani zonse zili m'zilembo za Chitchaina, osazindikira ngakhale chimodzi. Sudziwa ngati khomo ili ndi la mankhwala kapena la ometa tsitsi. M'kalasi la kuyunivesite aphunzitsi akhoza kulankhula Chingerezi, koma ukatuluka pageti, mayi wogulitsa ndiwo, dalaivala wa basi ndi mwininyumba amalankhula Chimandarini, ndipo achikulire ambiri a kummwera amakonda chilankhulo chawo cha Chitaiwani. Ndinaona alendo a mitundu iwiri. Ena anangodzitsekera m'kagulu ka alendo anzawo, kudya limodzi, kudandaula limodzi, mpaka tsiku lobwerera. Akafika kwawo amanena kuti anthu a ku Taiwan ndi osachezeka. Ena anapirira manyazi olankhula mopotoza, kusekedwa ndi ana, mpaka lilime linamasuka, ndipo amenewa ndi amene ankaitanidwa kumaukwati ndi kumadyerero a chaka chatsopano.

Nkhaniyi si ya lero. Mu 1872 mnyamata wa ku Canada dzina lake George Leslie Mackay anafika pa doko la Tamsui kukalalikira. Chilankhulo anakachiphunzira kudambo, kwa anyamata oweta njati zolimira, akulemba mawu amene ankamva. Ankayenda wapansi m'midzi atanyamula zida zozulira mano, ndipo mano amene anazula pa moyo wake anaposa 21,000. Anakwatira mkazi wa komweko, anatsegula sukulu mu 1882, anamwalira mu 1901 n'kuikidwa komweko. Mpaka lero chipatala chachikulu ku Taipei chimatchedwa ndi dzina lake. Inu a ku Nathenje muli pafupi ndi Nkhoma, kumene amishoni a Dutch Reformed anakhazikika mu 1896, ndipo mukudziwa kuti amene akukumbukiridwa ndi aja analankhula Chichewa ndi makolo athu. Mlendo sakondedwa chifukwa cha kumene wachokera. Anthu amayang'ana ngati wafuna kumva zimene iwo akunena.

Za chakudya musade nkhawa kwambiri, ngakhale nsima kulibe. Mpunga ndi wa tsiku lililonse, ndipo ufa umakhala chuma chimene ophunzira a ku Africa amapemphana wina akamachokera kumudzi. Koma tsiku lina pamalo odyera otchipa, pamene munthu amaloza yekha ndiwo zimene akufuna, ndinapeza kholowa, masamba enieni a mbatata, atakazinga ndi adyo. Pafupi pake panali bonongwe. Nsomba imene amaweta m'maiwe awo ndi ya mtundu umodzi ndi makumba athu. Mbatata yootcha imagulitsidwa m'masitolo amene satseka usiku wonse, ndipo mtedza amaudya kwambiri. Zimene ife timaziona ngati ndiwo za munthu wosauka, iwo amazigulitsa m'mizinda mwaulemu wake, zotsukidwa bwino, zomangidwa bwino. Chimenechi chinandikhala mumtima kwa nthawi yaitali.

Tsopano ndikufotokozereni madzulo a kumeneko, chifukwa ndi pamene ndinaliona dzikolo bwino kuposa m'kalasi. Dzuwa likalowa, umamva kanyimbo kakubwera chapatali mumsewu. Ndi galimoto yachikasu yotola zinyalala. Zitseko zimatseguka, anthu amatuluka ndi matumba m'manja: agogo atavala patapata, bambo amene wangoweruka kumene ku ofesi, mtsikana wantchito wa ku Indonesia, mwana wasukulu akali mu yunifolomu. Onse amaima pakona kudikira. Galimoto ikafika aliyense amaponya yekha thumba lake. Kumbuyo kwake kumabwera ina yonyamula mabotolo, mapepala ndi zitini, zomwe unasankhula kale kunyumba. Nthawi imene ndinali kumeneko, zotsala za chakudya zinkathiridwa m'migolo yakeyake, zina zikaphikidwe n'kudyetsa nkhumba, zina zikasanduke manyowa. Ukasakaniza, wantchito amakubwezera thumba lako pamaso pa anthu onse. Ukachedwa, ubwerera nazo m'nyumba mpaka tsiku lotsatira. Mphindi zodikira galimoto zija ndi pamene anthu oyandikana nyumba amapatsana moni ndi kufunsana za odwala, ndipo mlendo amene amatuluka ndi thumba lake madzulo aliwonse amayamba kudziwika pamenepo. Kwa ine, mayi wina wachikulire amene poyamba ankangondiyang'ana anayamba kundigwedezera mutu, kenako kundifunsa ngati ndadya, kenako kundibweretsera magwafa a pakhomo pake.

Dziwani kuti sizinali choncho kuyambira kale. Chilumbachi chinali ndi mbiri yoipa ya zinyalala mpaka m'zaka za m'ma 1990, pamene mizinda inaletsa kuunjika zinyalala m'mbali mwa misewu. Mu 2000 mzinda wa Taipei unayamba kulipiritsa anthu pa thumba lililonse, kuti wotaya zambiri alipire zambiri. Ndikaima pamsika wathu wa Mitundu msika utatha, n'kuona makoko a nzimbe, masamba a kabichi ndi majumbo zitasakanikirana, sindinena kuti ndife anthu auve. Ndimaona manyowa a m'dimba amene akuwonongeka chifukwa palibe amene anakonza zoti masamba apite uku, majumbo apite uku. Zimenezi sizilira ndalama za kunja. Zimalira komiti ya msika, khonsolo ndi mafumu atagwirizana chimodzi.

Chinanso chimene chimadabwitsa mlendo ndi malisiti. Lisiti lililonse la m'sitolo lili ndi nambala, ndipo miyezi iwiri iliyonse boma limachita mayere, wamwayi n'kupata ndalama. Anayamba zimenezi mu 1951 kuti wogula aliyense aziumirira lisiti, wogulitsa asabise msonkho. Chipatala nachonso chili m'dongosolo la inshulansi ya dziko lonse kuyambira mu 1995, ndipo wophunzira wakunja amalowamo akakhala miyezi 6. Umapereka kangachepe mwezi ndi mwezi, n'kumaonana ndi dokotala ndi kakhadi, n'kungowonjezerapo kandalama kochepa.

Khungu lathu limaonekera patali kumeneko, makamaka kumidzi. Ana amaloza, ena amabisala kumbuyo kwa amayi awo, achikulire ena amafuna kugwira tsitsi lako. Zambiri mwa izi ndi chidwi chabe, chonga cha ana athu akamathamangira galimoto akukuwa kuti mzungu, mzungu. Kuyambira nthawi imeneyo ana a pakhomo panga ndimawaletsa kukuwa choncho, chifukwa ndikudziwa mmene zimatopetsera kulozedwa tsiku ndi tsiku. Koma palinso zina zimene si chidwi. Mnzanga wina anagwirizana ndi mwininyumba pa foni, atafika pakhomo n'kuonedwa nkhope, anauzidwa kuti nyumba yatengedwa kale. Pa basi yodzaza, mpando wa pambali pako ukhoza kukhala wopanda munthu ulendo wonse. Zimapweteka, ndipo sindikufuna mwana wa muno akakumane nazo asanachenjezedwe. Komabe anthu omwewo ndi amene ukasochera amasiya ntchito yawo n'kukuperekeza mpaka pakhomo pomwe ukupita, ndipo chikwama ukachiiwala m'sitima nthawi zambiri umakachipeza kupolisi ndalama zili momwemo. Zonse ziwirizi ndi zoona, ndipo ndimakana kunena chimodzi n'kubisa chinzake.

Za maulendo ndingodutsamo. Njinga zamoto n'zochuluka kwambiri, moti pa maloboti zimaima mazanamazana. Mu 2007 anatsegula sitima yothamanga makilomita 300 pa ola, imene imachoka ku Taipei kukafika ku Kaohsiung, mtunda woposa wa Lilongwe ndi Blantyre, maola awiri asanakwane. Achinyamata awo amakonda kuzungulira chilumba chonse pa njinga yakapalasa, makilomita oposa 900, ndipo kampani ya Giant, imodzi mwa zazikulu zopanga njinga pa dziko lonse, inayambira ku Taichung mu 1972. Kum'mawa, ku Hualien ndi ku Taitung, mapiri amatsikira m'nyanja, ndipo kumeneko ndi kumene kuli eni nthaka oyambirira ambiri, a mitundu yosachepera 16 yovomerezeka ndi boma, yomwe zilankhulo zake sizifanana konse ndi Chitchaina.

Zivomezi ndi anamondwe ndi gawo la moyo wawo. Chivomezi cha pa 21 September 1999 chinapha anthu oposa 2,000. Namondwe wotchedwa Morakot mu August 2009 anapha oposa 600, ndipo phiri linagumuka n'kukwirira mudzi wa Xiaolin. Ife amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe mu March 2023 tikudziwa tanthauzo la zimenezi. Kusiyana kwake n'koti kumeneko namondwe akamayandikira, boma la dera limalengeza usiku womwewo kuti mawa kulibe sukulu, kulibe ntchito, ndipo aliyense amamvera. Mlendo naye ayenera kumvera, asayese kuti ndi mvula wamba.

Chimene ndinapitira ndi ulimi, ndiye mundilole ndichedwepo. Mlimi wa ku Taiwan alibe malo aakulu. Ambiri munda wawo ndi wa pafupifupi hekitala imodzi, wosasiyana kwenikweni ndi wa bambo wa ku Nathenje. Ndinapita m'munda wa mango ku Pingtung nyengo imene zipatso zikukula. Mtengo uliwonse unali wodulira, waufupi, woti munthu afikire nsonga ataima pansi. Mlimi ndi mkazi wake ankayenda mtengo ndi mtengo, kuthothola timango tochuluka n'kusiya ochepa pa nthambi, kenako kuveka bango lililonse kathumba ka pepala n'kumanga pakhosi. Munda wonse unkaoneka woyera ndi mapepala. Kathumbako kamatchinga ntchentche zoboola zipatso, kamachepetsa mankhwala opopera, ndipo khungu la bango limatuluka losalala. Pokolola, mango amapita ku nyumba ya bungwe la alimi, kumene amawasankha malinga ndi kukula ndi maonekedwe, kuwaika m'makatoni olembedwa nambala ya mlimi, n'kuwatumiza ku msika waukulu. Mlimi sakangana ndi venda pamsewu. Ndalama zake zimalowa m'buku lake ku bungwe lomwelo, lomwe lilinso ndi nthambi yobwereketsa ndalama, yogulitsa feteleza, ndi alangizi ake.

Mabungwe amenewa anaima pa maziko a malo. Mu 1949 boma linalamula kuti mwinimunda asatenge zoposa 37.5 peresenti ya zokolola za wobwereka munda. Mu 1953 linagula minda kwa eni malo akuluakulu n'kuigulitsa kwa amene ankailima, kuti alipire pang'onopang'ono kwa zaka 10. Aliyense amene mbale wake anakhalapo tenanti pa esiteti ya fodya ku Kasungu kapena ku Mchinji akumva kulemera kwa zimenezi. Munthu amasamala mtengo umene akudziwa kuti zipatso zake adzadya ndi ana ake. Musaganize kuti zinachitika mwamtendere wokhawokha. Linali boma lankhanza, lomwe linalamulira ndi malamulo a usilikali kuyambira mu 1949 mpaka 1987, ndipo anthu anasankha okha mtsogoleri wa dziko koyamba mu 1996, patapita zaka ziwiri ife titavota mu 1994. Masiku ano alimi awo ambiri ndi okalamba, ana anathawira m'mafakitale ndi m'maofesi. Koma December aliyense mango akamaola pansi pa mitengo kuno kwathu, matimati akamatayidwa m'mbali mwa msewu wa M1 chifukwa onse akolola tsiku limodzi, ndimakumbukira makatoni aja a nambala. Nzeru imeneyi ndinaipeza chifukwa ndinkatha kufunsa mlimi uja m'chilankhulo chake, iye n'kundiyankha momasuka.

Amenewo ndi maonekedwe a moyo wa wophunzira amene analowa ndi mapepala olongosoka, sukulu yake yolipiridwa, ndalama ya chakudya ikubwera mwezi ndi mwezi. Tiyeni tione alendo ena.

Pali aphunzitsi a Chingerezi. Makolo a ku Taiwan amaika ndalama zambiri pa maphunziro a ana, ndipo mwana akaweruka ku sukulu ya boma amapitanso ku sukulu yolipira yamadzulo, imene amaitcha buxiban, mpaka usiku. Kumeneko ndi kumene alendo ambiri amaphunzitsa, ochokera ku America, Canada, Britain, ndi ambiri a ku South Africa. Boma lawo linalengezanso mu 2018 cholinga choti pofika 2030 Chingerezi chikhale chofala m'dzikomo. Wina wa inu amva zimenezi n'kunena kuti, ine Chingerezi ndinakhoza bwino, ndipita. Pamafunika digiri, kalata ya kupolisi yosonyeza kuti ulibe mlandu, ndi chilolezo cha ntchito chimene amakutengera ndi amene wakulemba. Koma masukulu amenewa ndi bizinesi, ndipo eni ake ambiri amakhulupirira kuti makolo amafuna kuona nkhope ya mzungu pakhomo. Mphunzitsi wakuda wodziwa ntchito yake akhoza kukanidwa, malo n'kupatsidwa mzungu amene sanaimepo kutsogolo kwa kalasi. Alipo a ku Africa amene anapirira n'kukhazikika, ana ndi makolo n'kuwakonda, koma anayamba ndi kugogoda makomo ambiri. Malipiro amawerengedwa pa ola, ndiye tsiku la namondwe kapena la tchuthi ambiri salandira kanthu. Ndipo kuphunzitsa Chingerezi ku sukulu za mkaka n'koletsedwa kwa mlendo, ngakhale eni sukulu ena amalemba anthu mobisa. Akagwidwa, amene amathamangitsidwa m'dziko ndi mphunzitsiyo.

Kenako pali alendo ochuluka kuposa onse, amene m'mabuku a zokopa alendo simuwapeza. Anthu oposa 700,000 ochokera ku Indonesia, Vietnam, Philippines ndi Thailand amagwira ntchito m'mafakitale, m'zombo zophera nsomba, ndi m'makomo kusamala okalamba. Mukapita ku paki m'mawa mupeza atsikana a ku Indonesia akukankha agogo pa njinga za olumala. Lamlungu amasonkhana pa siteshoni yaikulu ya sitima ku Taipei, kukhala pansi m'magulumagulu, kudya zakwawo ndi kuimbira foni ana amene anawasiya. Ambiri amafika ali kale ndi ngongole kwa madobadoba amene anawapezera ntchito, amadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo saloledwa kusintha bwana mwakufuna kwawo. Mverani bwino apa, makolo: Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene Taiwan amatengako antchito otere. Munthu akabwera m'mudzi muno n'kunena kuti ali ndi ntchito za m'fakitale ku Taiwan, mwina akunama, mwina akufuna kulowetsa mwana wanu pa khomo lina limene silinapangidwire zimenezo.

Khomo limenelo ndi la sukulu, ndipo zinachitikapo kwa anansi athu. Ku Taiwan ana akubadwa ochepa kwambiri, moti mayunivesite ena omwe si a boma akusowa ophunzira ndipo ali pafupi kutsekedwa. Ena mwa iwo anayamba kusaka ophunzira kunja mwa njira iliyonse. Mu 2019 achinyamata 16 a ku Uganda anafika pa yunivesite ya Chung Chou, m'boma la Changhua. Anawalonjeza thandizo la fizi, maphunziro a m'Chingerezi, ndi mwayi wophunzira ntchito m'makampani. Atafika anauzidwa kuti ali ndi ngongole ya ndege ndi zina. Makalasi anali m'Chitchaina chomwe sankachimva. Anatumizidwa m'mafakitale kukagwira ntchito maola ambiri, ena usiku wonse, m'mawa n'kukawodzera m'kalasi, ndalama zikuthera kubweza ngongole ija. Lamulo limalola wophunzira wakunja kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo iwo ankapyola kutali. Nkhaniyi inaululika mu January 2022 pamene atolankhani a The Reporter anailemba, mmodzi mwa ophunzirawo atalimba mtima n'kulankhula. Boma linaletsa yunivesiteyo kutenganso ophunzira akunja, anthu ena anaimbidwa milandu, ndipo mu 2023 inatsekedwa. Tiyamikire kuti dzikolo lili ndi atolankhani omasuka ndi makhoti ogwira ntchito. Koma zaka za ana aja zinapita, ndipo makolo awo anali atawaperekeza ku bwalo la ndege akusangalala.

Ana amenewa sanali opusa. Anali ngati inu nomwe, anzeru, ofuna kutukula makomo awo. Chimene analibe ndi munthu wowathandiza kufunsa mafunso asananyamuke, ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndiye kalata ikabwera, kaya ndi ya ku Taiwan, ku Japan kapena kwina kulikonse, musafulumire kugulitsa ng'ombe kapena kupinyolitsa munda. Onetsetsani kuti kalatayo yachokera ku yunivesite yeniyeni, ndipo mulembere nokha ku ofesi yake yoona za ophunzira akunja, pa adiresi imene mwaipeza nokha pa intaneti, osati imene wakupatsani dobadoba. Funsani kuti maphunziro adzakhala m'chilankhulo chanji, ndipo ngati ndi Chitchaina, adzakupatsani nthawi yotani yochiphunzira musanayambe makalasi. Funsani amene akulipira ndege, fizi, malo ogona ndi chakudya, ndipo yankho likhale lolembedwa, chifukwa mawu oti mudzalipira mukayamba ntchito ndi dzina lina la katapila. Pemphani kulankhula ndi wophunzira wa ku Africa amene ali pa sukulupo panopa, inu ndi iye, popanda wokumverani. Pasipoti yanu isakhale m'manja mwa munthu wina, ngakhale atanena kuti akukusungirani.

Inu makolo amene simuwerenga Chingerezi, musachite manyazi kunyamula kalatayo n'kupita nayo kwa aphunzitsi aakulu a kusekondale, kwa abusa kapena ansembe, kapena kwa aphunzitsi a ku Bunda, omwe ambiri anaphunzirapo kunja ndipo amadziwa maonekedwe a kalata yoona. Mwana akakukanizani kuti nthawi yatha, atiuza kuti tilipire sabata ino, dziwani kuti yunivesite yeniyeni imalengeza masiku ake miyezi ingapo zisanachitike, ndipo siitanitsa ndalama pa nambala ya foni ya munthu. Ndipo inu mafumu, munthu wachilendo akafika m'mudzi kudzalemba achinyamata maina, mufunseni kalata yochokera ku ofesi ya zantchito ya boma asanaitanitse msonkhano.

A wapampando, ndaona manja angapo akwezedwa kale kumbuyoko. Ndiima pamenepa kuti timve mafunso awo.